ZA KUKONZA ULENDO DZUWA LISANALOWE

Werengani Yesaya 38 ndi Yohane 19:25-30.

Mwezi uno tifuna kupangana nanu za chinthu chimene ambiri a ife tiopa kuchitchula, ndicho imfa, ndi makonzedwe amene ayenera Mkristu asanagone tulo take totsiriza. Tidziwa kuti ena pakuona mutu wa nkhaniyi adzapinda pepala nadzati, Awa atilaulira. Koma tikupemphani mudekhe, muwerenge kufikira kumapeto, ndipo pamenepo muweruze nokha ngati mau awa ali a malodza kapena a chikondi.

Midzi yambiri ya ku Chiradzulu, ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Zomba ili nao ana ake ku Blantyre. Ena agwira ntchito m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu za ku Maselema, pa mseu waukulu wa Masauko Chipembere umene uchokera ku Limbe; ndipo madzulo akagona ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chilomoni kapena ku Machinjiri, ambiri m'nyumba za lendi. Mseu womwewo ukapitirira Chichiri ufika pa Ginnery Corner, pamene pali chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu achitcha Gulupu. Tsiku lina lamya ilira kumudzi kuti mwana wadwalika, ndipo mai amanga mtolo wa ufa ndi mphika kukamdikirira. Adokotala ayeza, napeza kuti khansa yafalikira, ndi kuti mankhwala ochiritsa palibenso. Auza abale, ndipo abale apangana panja kuti, Tisamuuze, angafe ndi mtima. Wodwala akafunsa amyankha, Mupeza bwino, musade nkhawa. Pamenepo agulitsa mbuzi, njinga ndi malata, namka naye kwa sing'anga uyu ndi kwa mneneri uyo wogulitsa madzi ndi mafuta. Potsiriza munthu amwalira m'zowawa, wosatsazika mkazi wake, wosadalitsa ana ake, wosanena pamene pali mapepala a puloti. Ndipo maliro asanaikidwe abale ayamba kale kukangana. Zotere zichitika kawirikawiri pakati pathu, ndipo ochita zimenezi ndi anthu okonda mbale wao. Chimene chiwasocheretsa ndi mantha.

I. Kutchula imfa sikuitana imfa

Pa mwambo wathu, munthu akanena za maliro ake akali moyo timdzudzula msanga kuti aleke kudzilaulira. Ndipo wina akauza wodwala kuti nthenda yake njosachiritsika, abale amyang'ana ndi diso loipa, ena nayamba kunong'ona kuti, Wadziwa bwanji ameneyu, ngati sali m'gulu la omlodzawo? Mantha amenewa atseka pakamwa pa ana, pa akulu a mpingo, ngakhale pa anamwino.

Tsono taonani mfumu Hezekiya. Analowa ufumu ali ndi zaka 25, nalamulira m'Yerusalemu zaka 29. Ndipo popeza zaka 15 zotsirizazo zinaonjezedwa atadwala, tiona kuti nthenda ija inamgwira ali ndi zaka ngati 39, munthu wa mphamvu zake, wosati nkhalamba. Mulungu sanatume Yesaya kukamnyengerera ndi mau ozuna. Anamtuma kukamuuza poyera kuti nthendayo njakuimfa, ndi kuti alongosole za banja lake. Mfumu inatembenukira kukhoma, inalira, inapemphera. Ndipo mau oona aja sanaiphe. Ndiwo amene anatsegula pakamwa pake kuti iitane Mulungu. Yesaya akadabisa, Hezekiya akadagona pa mphasa pake ali kudzinyenga, wosapemphera pemphero lija ndi wosakonza kanthu.

Sitikulonjezani kuti yense wouzidwa zoona adzalandira zaka 15. Paulo anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, ndipo sunachoke. Masiku athu ali m'dzanja la Mulungu. Lilime la munthu siliwafupikitsa pakunena zoona, ndipo siliwatalikitsa pakunama. Ambuye Yesu mwini anauza ophunzira ake katatu za imfa yake asanafike ku Yerusalemu. Petro anamtengera pambali namdzudzula, monga momwe ife tichitira ndi makolo athu akafuna kutisiyira mau. Koma Ambuye anakana chifundo chotere, pakuti chinali kutsekereza ntchito imene anadzera.

Komanso zoona siziponyedwa ngati mwala. Wodwala apatsidwa phala ndi supuni, pang'ono pang'ono, monga akhoza kumeza. Mau olemera atero nawonso. Yambani ndi kumfunsa kuti, Inu muona bwanji za matendawa? Mufuna adokotala akuuzeni zonse, kapena auze yani? Ambiri adziwa kale m'thupi mwao, ndipo akhala chete pofuna kuteteza inu, monga inu muli chete pofuna kuteteza iwo. Potero m'nyumba imodzi muli anthu awiri olira aliyense payekha. Ngati wina safuna kumva zambiri tsiku limenelo, musamkakamize. Koma akafunsa molunjika, musamnamize. Pemphani namwino kapena dokotala akhalepo, pakuti iwo adziwa kuyankha mafunso a nthendayo.

Ndipo tisafunefune mfiti. Khansa ya khomo la chiberekero, imene itha amai ambiri m'dziko lathu, iyamba ndi kachirombo kotchedwa HPV. Ikapezeka msanga poyezetsa ichizika, ndipo kuyambira m'chaka cha 2019 boma lipereka katemera wake kwa atsikana. Khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi ikonda kugwira thupi limene HIV yalifooketsa. Izi ndi nthenda, zili nacho chiyambi chake chodziwika. Kuloza chala nkhalamba ya m'mudzi ndi tchimo pamaso pa Mulungu, ndiponso lamulo la dziko loikidwa m'chaka cha 1911 liletsa kutchula munthu mfiti.

II. Nthenda ingakhale yosachiritsika, ululu uli nao mankhwala

Yesaya atanena mau a Mulungu, analamulanso kuti atenge nkhuyu nazipake pa chithupsa cha mfumu. Pemphero ndi mankhwala zinayenda pamodzi m'chipinda chimodzi. Ndipo pa mtanda Ambuye anatchula ludzu lake poyera, nalandira chinkhupule chonyowa pamilomo pake. Chifukwa chake asanene munthu kuti kubuula ndi ululu usiku wonse ndiko kupirira kwa Chikristu, pamene chithandizo chilipo.

Dokotala akati, Sitingathe kuchiritsa, sanati, Sitingathe kuthandiza. Pali ntchito ina ya chipatala imene cholinga chake ndi kuchepetsa ululu ndi kusamala wodwala matenda osachiritsika pamodzi ndi banja lake. Ntchito imeneyi, monga tiidziwa lero, inakula ndi mai wina Mkristu wa ku England, Cicely Saunders, amene anayamba ngati namwino nadzakhala dokotala. M'chaka cha 1967 anatsegula nyumba ya odwala otere ku London, yotchedwa St Christopher's. Iye anaphunzitsa kuti ululu wa munthu woyandikira imfa suli m'thupi mokha: uli m'maganizo, uli m'nkhawa za banja ndi ndalama, ulinso mumzimu, ndipo wofuna kuthandiza ayenera kuyang'ana zonsezi pamodzi. Muno mu Afrika ntchitoyi inayamba ku Zimbabwe ndi Island Hospice m'chaka cha 1979. Ndipo m'chaka cha 1993 Dr Anne Merriman anaiyambitsa ku Uganda, nafalitsa mofini wamadzi wotsika mtengo, amene wodwala akhoza kumwera kunyumba kwake.

Kwathu kuno inayamba pa nthawi imene Edzi inadzaza zipatala, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004. Ku Bangwe, m'chaka cha 2003, a Salvation Army pamodzi ndi sukulu ya madokotala ya College of Medicine anayamba kuyendera odwala m'makomo mwao. M'chaka chomwecho ku Gulupu kunatsegulidwa kiliniki ya Tiyanjane yosamala akulu, imene pambuyo pake inafikitsa ntchito yake ku Ndirande; ndipo pa chipatala chomwecho panakhazikitsidwanso Umodzi, yosamala ana. M'chaka cha 2005 ogwira ntchitoyi anapanga bungwe lao la dziko lonse, lotchedwa PACAM. Ku Salima mai Lucy Finch anatsegula Ndi Moyo m'chaka cha 2007. M'chaka cha 2014 boma la Malawi linakhazikitsa ndondomeko yake ya chisamaliro chimenechi, ndipo m'chaka chomwecho maiko osonkhana ku Geneva pa msonkhano waukulu wa zaumoyo anagwirizana kuti chikhale mbali ya ntchito ya zipatala zonse. Kotero zipatala zambiri za m'maboma ndi za mishoni zili nao anamwino ophunzira ntchitoyi. Funsani pa chipatala chanu. Ndipo musadikire sabata lotsiriza, pakuti wofika msanga athandizidwa miyezi yambiri, ena nabwerera ku ntchito zao zopepuka.

Mankhwala a ululu akwera ngati makwerero. Ululu wochepa ugonja ndi panado. Ukakula apereka amphamvupo. Ukafika poti munthu sagona, apereka mofini. Ambiri aopa mofini, nati ndi mankhwala otsirizira munthu. Si zoona. Woperekedwa pa muyeso umene achipatala alamula, mofini safupikitsa moyo. Achotsa ululu kuti munthu agone, adye, apemphere ndi kulankhula ndi ana ake. Wamadziyo amwedwa maora anai alionse, potsata nthawi, wosadikira kuti ululu ubwerere. Masiku oyamba akhoza kudzetsa tulo kapena mseru, zimene zichepa. Koma kudzimbidwa kukhalitsa, chifukwa chake landirani ndi mankhwala ofewetsa m'mimba, ndipo wodwala amwe madzi ndi kudya zipatso monga mapapaya. Botolo likhale kutali ndi ana, lisagawidwe kwa mnansi wodwala mutu, ndipo lotsala libwezedwe kuchipatala.

Kwa inu odikirira wodwala kumudzi: mtembenuzeni kawirikawiri, monga maora awiri alionse, kuti asatuluke zilonda za pamphasa. Msambitseni, mtsukeni m'kamwa, ndipo akaleka kumeza mnyowetseni milomo ndi kansalu koyera. Thupi likayandikira mapeto silifunanso chakudya. Musamkakamize nsima poopa kuti anthu adzati munammana, pakuti ikhoza kumtsamwa. Ndipo ngakhale wasiya kuyankha, lankhulani naye mwaulemu, muimbe ndi kupemphera pambali pake, pakuti makutu kawirikawiri atsalira pamene pakamwa patseka. Mikangano ya katundu isamveke m'chipinda chimenecho.

III. Zinthu zisanu zoyenera kukonza

Choyamba, sankhani wokulankhulirani. Idzafika nthawi imene lilime lidzalemera, ndipo adokotala adzafunsa kuti, Tichite opaleshoni kodi? Tim'goneke m'chipatala kapena apite kunyumba? Pamenepo mkazi anena zake, malume anena zake, mwana wa ku Johannesburg aimba lamya ndi zakenso. Tchulani munthu mmodzi mukali ndi nzeru zanu zonse, mumuuze zimene mufuna ndi zimene simufuna, ndipo munene zimenezi pamaso pa mwini mbumba ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kuti asadzatsutsidwe.

Chachiwiri, nenani kumene mufuna kusamalidwa. Ena afuna kukhala pafupi ndi chipatala. Ena alakalaka khonde la kwao ndi nkhope za abale. Wofuna kumudzi apite akali wokhoza kukhala pa mpando wa basi, atatenga buku lake la kuchipatala, mankhwala okwanira, ndi kalata yomtumiza ku chipatala cha kwao. Munthu wamoyo alipira mpando umodzi nafika kukaona abale ake. Bokosi lifuna galimoto lathunthu, ndipo mwini wake saonanso munthu.

Chachitatu, nenani za maliro anu. Yakobo anauza ana ake kuti akamuike ku phanga la Makipela kumene kunagona makolo ake, ndipo Yosefe analumbiritsa abale ake za mafupa ake. Malembo sawayesa olaula, koma awawerenga pakati pa okhulupirira. Nenani ngati mudzaikidwa m'tauni kapena kumudzi, kuchimuna kapena kuchikazi. Ndipo masulani ana anu pa mtolo wa manyazi, muwauze kuti bokosi la matabwa wamba likwanira. Mabanja ambiri alowa m'ngongole ya katapira chifukwa cha bokosi lonyezimira limene lionedwa tsiku limodzi, ndipo chaka chotsatira mwana wa malemuyo asiya sukulu posowa fizi.

Chachinai, lembani wilo. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 lifuna kuti wilo ikhale yolembedwa, ndi kuti mwini wake aisaine pamaso pa mboni ziwiri, zimene zisainanso; ndipo nkwanzeru kuti mbonizo zikhale anthu osalandirapo kanthu. Ikhoza kulembedwa m'Chichewa chomveka. Munthu akafa wopanda wilo, lamulo lomwelo liika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo, ana, ndi iwo amene anali kudalira malemuyo. Ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu alangidwa nao ku khoti. Mkristu wonyamula mipando ndi mabulangete a mlamu wake wamasiye achimwira Mulungu amene adzitcha atate wa ana amasiye, achimwiranso lamulo la dziko. Inu a pa ntchito, onani pepala la penshoni limene munalembapo maina a odzalandira, ngati likali loona lero. Uzani mnzanu wa m'banja za mapepala a nyumba, za ku banki, za ndalama za m'foni ndi za banki m'khonde. Mumuuzenso ngongole zanu, ndi ana onse amene muli nao, kuti asadzawaone koyamba pa siwa.

Chachisanu, ndicho chachikulu, konzani za anthu. Ambuye ali pa mtanda, m'zowawa zoposa zathu zonse, anayang'ana amake nawapereka m'manja mwa wophunzira amene anamkonda, ndipo kuyambira ora lomwelo mai aja anali ndi kwao. Nanga ana anu adzaleredwa ndi yani? Mfunseni munthuyo mukali moyo, avomere ndi pakamwa pake. Ana nawonso auzidwe monga mwa msinkhu wao, pakuti mwana wonamizidwa kuti amai apita ku ulendo akhala miyezi ali kuyang'ana kunjira. Itanani mbale amene simulankhulana naye chifukwa cha malire a munda, mupemphane chikhululukiro. Ambiri afika pa maliro ndi mau amene anayenera kunenedwa mwezi wathawo, nawalirira pa bokosi losamva.

Ndipo wina asati, Izi nza odwala, ine ndili bwino. M'mwezi wa March 2023, pa namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe, ndipo anthu amene anadya nsima ali amphamvu sanaonenso dzuwa. Akulu anati pakadafunda padajiwitsa galu. Kukonza zinthu izi ndi ntchito ya munthu wamoyo, monga kufolera nyumba ndi ntchito ya m'chilimwe.

IV. Mangawa a mpingo

Pa maliro ife Akristu sitichedwa. Amai achezera kuimba usiku wonse, adzukulu alawirira kumanda, chipepeso chisonkhedwa, ufa ndi nkhuni zifika. Izi nzabwino ndithu, zisalekeke. Koma tidzifunse: m'miyezi isanu imene munthuyo anagona m'nyumba, ndi angati a ife analowamo? Mai mmodzi anatunga madzi yekha, anachapa nsalu yekha, anadikira usiku yekha, munda wake numera thengo. Mutu umodzi susenza denga. Gawo la ufa umene tisungira tsiku la maliro lifike mwini wake akali kudya.

Chifukwa chake tipempha akulu a mpingo, madikoni ndi amai a chigwirizano m'mudzi uliwonse kuti alembe maina a odwala matenda a mgonagona, nagawane masiku: uyu atunge madzi, uyu alime mizere ingapo, uyu agone kumeneko usiku umodzi kuti wodikirira apumule, uyu aperekeze ku chipatala kukatenga mankhwala asanathe. Auzeni abusa msanga kuti wodwala alandire Mgonero akali wozindikira. Polowa m'nyumbamo musachuluke mau. Musamuuze kuti wadwala chifukwa cha tchimo lake, pakuti Ambuye anakana maganizo otere pa munthu uja wobadwa wosaona. Musamuuze kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, ndipo akapanda kuchira musanene kuti anakayika. Khalani pansi, mgwireni dzanja, mumvere. Ndipo akayamba kunena za imfa yake musamdule mau.

Ena adzafunsa, Kodi kukonzekera imfa sikutaya chikhulupiriro? Iai. Mlimi apempherera mvula, koma akonzanso ngalande kuti madzi asalowe m'nyumba. Tipempherere machiritso ndi mtima wonse, ndipo Mulungu akapatsa zaka zina, wilo ija idzangokhala m'bokosi, chiyanjano chija chidzakometsa masiku otsalawo, ndipo palibe chimene chatayika. Akaitana, mwana wake adzapita wopanda mtolo. Ife amene tikhulupirira kuti Kristu anauka kwa akufa tili nacho chifukwa choposa anthu onse cha kutchula imfa osanjenjemera, pakuti tidziwa Iye amene atidikira tsidya lija.

Tsono, okondedwa, mwezi uno usathe musanachite zitatu izi. Khalani pansi ndi mnzanu wa m'banja kapena mwana wanu wamkulu, mukambe zinthu zisanu zija. Pitani kwa wodwala mmodzi wa m'mudzi mwanu, mufunse ngati agona usiku kapena abuula ndi ululu, ndipo ngati abuula, thandizani abale ake kufika kwa anamwino. Ndipo muwerengere mau awa iwo amene sadziwa kuwerenga, makamaka okalamba, amene ambiri a iwo akhala nthawi yaitali ali kufuna kutisiyira mau, ife osawalola.

Mulungu wa chitonthozo chonse akhale ndi odwala athu a m'midzi ndi a m'tauni, alimbitse manja a owadikirira ndi a anamwino, ndipo atipatse ife tonse nzeru ya kukonza nyumba zathu kukali kowala. Amen.